Mphunzitsi amene anayamba wafufuza pamene mwana wanga anakakamira

Kwa miyezi 8 tsopano mwana wanga wamwamuna, amene ali ndi zaka 9, wakhala akupita katatu pa sabata kwa mphunzitsi wina amene amathandiza ana pa maphunziro akaweruka kusukulu. Aphunzitsiwa ndi mayi amene anagwira ntchito m'makalasi a pulayimale kwa zaka zambiri asanayambe kuphunzitsa paokha, ndipo amalandira ana anayi okha pa ola limodzi, m'chipinda chimene muli matebulo awiri, bolodi laling'ono ndi shelefu ya mabuku. Ndadikira dala kuti papite nthawi ndisanalembe maganizo anga, chifukwa m'masabata oyambirira kholo limangosangalala kuti lapeza wolithandiza, ndipo silitha kusiyanitsa ntchito yabwino ndi mawu okoma. Panopa ndikhoza kunena mosakayika kuti ntchito ya aphunzitsiwa ndi yabwino kwambiri, ngakhale kuti ili ndi zofooka zimene ndizitchula, ndipo ubwino wakewo ukuchokera pa chikhulupiriro chimodzi chimene iwo amachitsatira mosapatuka, chakuti mwana amaphunzitsidwa kuyambira pamene iye waima, osati pamene buku la kalasi yake likunena kuti anayenera kukhala atafika.

Mwana wangayu anafika chaka chachitatu cha pulayimale asakutha kuwerenga chiganizo chathunthu popanda kuima kangapo. Lipoti la kusukulu linkangonena kuti ndi waulesi ndipo ayenera kulimbikira, mawu amene ankabwerezedwa teremu ndi teremu mpaka ine ndinawakhulupirira. Ndinkamukhazika pansi madzulo aliwonse n'kumuwerengetsa tsamba lomwelo mpaka atalira, ndipo m'mawa mwake, nthawi yopita kusukulu ikakwana, ankadandaula m'mimba. Sindikuimba mlandu mphunzitsi wa kalasi yake, pakuti munthu mmodzi amene ali ndi ana ochuluka kutsogolo kwake, komanso silabasi yoti aimalize, sangathe kuima pa mwana aliyense. Koma mawu akuti ulesi anatiphimba m'maso kwa zaka ziwiri, ndipo mtima umandipweteka ndikakumbukira misozi imene ndinamukhetsetsa pa chinthu chimene sichinali kufuna kwake.

Tsiku loyamba aphunzitsiwa sanaphunzitse kanthu. Anandipempha kuti ndikhale pakona ndipo ndisayankhule, kenaka anakhala pambali pa mwanayo, osati moyang'anizana naye, n'kumupatsa pepala limene pamwamba pake panali zilembo zosakanizika, m'munsi mwake maphatikizo, kenaka mawu afupiafupi, ndipo kumapeto kwenikweni kankhani ka ziganizo zinayi. Maso awo sanali pa pepalalo koma pa chala cha mwanayo ndi milomo yake. Atafika pa mawu akuti "buku" iye anawerenga kuti "duku", ndipo pa "dambo" anati "bambo". Ine ndinatsala pang'ono kumukonza monga ndinazolowera, koma aphunzitsi anangokweza dzanja pang'ono, osandiyang'ana n'komwe, ndipo ndinakhala chete. Sanamuuze kuti walakwitsa. Anamufunsa mofatsa kuti, "Tandiuza, pa chilembo ichi ukuyamba kuona chiyani, ndodo kapena mimba?" Mwanayo anaganiza kwa kanthawi, n'kuyankha kuti zilembo ziwirizo iye amaziona ngati chilembo chimodzi chimene chimangotembenuka. Aka kanali koyamba kumumva akufotokoza yekha chimene chimamuvuta, ndipo ndinazindikira kuti pa zaka zonsezi panalibe amene anamufunsapo, ngakhale ine mayi wake.

Pa masamu anachitanso chimodzimodzi. Anamupatsa samu ya 52 kuchotsapo 17, iye analemba 45. Anamupatsa ya 81 kuchotsapo 26, analemba 65. Kwa ine awa anali mayankho olakwika basi, ofunika kuwadula ndi cholembera chofiira, koma aphunzitsi anawayang'anitsitsa kwa nthawi, ndipo mwanayo atatuluka panja anandiitana n'kundiuza kuti, "Mayi, mwanayu sakulota mayankho ayi. Ali ndi lamulo lake limene akulitsatira mokhulupirika. Pa mzere uliwonse akuchotsa nambala yaing'ono ku yaikulu, osayang'ana kuti imene ili pamwamba ndi iti. Mwana amene sakufuna kuganiza sakhala ndi lamulo. Ntchito yathu ndi kumuonetsa chifukwa chimene lamulo lakelo silikugwirira." Sabata yotsatira anamuikira patebulo mitolo 5 ya timitengo khumikhumi, yomangidwa ndi timphira, ndi timitengo tiwiri tapadera, n'kumuuza kuti awapatse timitengo 17. Anapereka mtolo umodzi mosavuta, kenaka anaima, chifukwa timitengo tapadera tinali tiwiri tokha pamene ankafuna 7. Aphunzitsi sanamuthandize. Patapita mwina mphindi yathunthu, mphindi imene kwa ine inatalika kwambiri, mwanayo anagwira mtolo wina n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, ndingamasule?" Iwo anayankha kuti, "Timitengoto ndi tako." Anamasula, anawerenga, ndipo anapeza 35. Zimene kusukulu ankaziloweza ngati kubwereka ndi kubweza, osadziwa kuti akubwereka chiyani kwa yani, anazigwira ndi manja ake tsiku limenelo.

Ndafotokoza zinthu ziwirizi mwatsatanetsatane chifukwa aphunzitsi ambiri amanena kuti mwana aliyense ndi wosiyana ndi mnzake, ndipo mawuwo ndi osavuta kuwalemba pa chikwangwani kapena pa Facebook. Chimene chimavuta ndi kuleza mtima kokwanira kuyang'ana cholakwa cha mwana mpaka utaona ganizo limene lili kumbuyo kwake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndikuganiza kuti luso lalikulu la mayi amenewa lili pamenepa. Nditawafunsa kumene anatengera kaphunzitsidwe kotere, anatchula Maria Montessori, dokotala wa ku Italy amene mu 1907 anatsegula sukulu ya ana aang'ono m'dera la anthu osauka la San Lorenzo mumzinda wa Rome, ndipo ankalimbikira zakuti mphunzitsi ayambe waonerera mwana asanamuphunzitse. Thireyi ya mchenga imene mwana wanga amalembamo "b" ndi chala uku akutchula liwu lake ndi yofanana ndi zilembo zokhakhala zimene Montessori ankapatsa ana kuti azizisisita. Komabe aphunzitsiwa sadzitcha otsatira munthu aliyense, ndipo anandiuza poyera kuti amasiyana ndi masukulu amene amalola mwana kusankha yekha zochita nthawi yaitali, chifukwa mwana amene akuopa kuwerenga sadzasankha kuwerenga ngakhale atapatsidwa chaka chathunthu.

Ganizo limene ndinaona kuti likulamulira ola lililonse ndi lija la Lev Vygotsky, katswiri wa za kaganizidwe ka ana wa ku Soviet Union amene anamwalira mu 1934 ali ndi zaka 37 zokha. Iye anaphunzitsa kuti pali zimene mwana angachite yekha, pali zimene sangathe ngakhale atathandizidwa, ndipo pakati pa ziwirizi pali zimene angathe ngati munthu wodziwa atamugwira dzanja pang'ono, ndipo kuphunzira kwenikweni kumachitikira pakatipo. Aphunzitsiwa amanena zomwezi m'mawu awoawo, kuti ntchito yabwino kwa mwana ndi imene imamutulutsa thukuta koma osamugwetsa. Ndinaona kuti mwana akakhoza zonse mosavuta amamusinthira ntchito nthawi yomweyo, ndipo akalakwitsa zambiri motsatizana amabwerera naye m'mbuyo popanda kumuuza kuti akubwerera. Mwana wanga, amene kusukulu anali m'chaka chachitatu, anayambira pa maphatikizo a chaka choyamba. Kunena zoona ndinachita manyazi, ndipo ndinawafunsa ngati kumeneku sikunali kumutayitsa nthawi. Anandiyankha kuti nthawi inatayika kale pamene ankapatsidwa masamba amene sakanatha kuwawerenga, ndipo kuti m'mera mpoyamba.

Kuti zimenezi zitheke ndi ana anayi nthawi imodzi, pamafunika dongosolo, ndipo dongosolo lawo ndi lolimba ngakhale silioneka msanga. Ali ndi kope lalikulu limene mwana aliyense ali ndi masamba ake, ndipo ola likatha amalembamo mizere itatu kapena inayi: chimene mwanayo wachita yekha, pamene anafuna thandizo, ndi chimene adzayambire ulendo wotsatira. Ana saikidwa m'magulu potengera kalasi kapena msinkhu koma potengera pamene afika, kotero kuti mwana wanga ankakhala tebulo limodzi ndi mtsikana wa zaka 7 komanso mnyamata wa zaka 11. Njira yogawa ana motereyi si yachilendo, pakuti bungwe la Pratham ku India linaigwiritsa ntchito pa ana ochuluka kwambiri, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti imathandiza ana otsalira kuphunzira kuwerenga ndi kuwerengera. Mphindi khumi zoyambirira ana onse amachitira limodzi masewera a maliwu a zilembo, kenaka aliyense amatenga ntchito yake, ndipo aphunzitsi amazungulira, kukhala ndi mmodzi mphindi zingapo pamene enawo akugwira ntchito imene angathe okha. Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti ana sasekana, ndipo ndikukhulupirira kuti chifukwa chake n'chakuti palibe awiri amene ali pa tsamba limodzi, choncho palibe woyamba kapena womaliza.

Kuchepa kwa ana m'chipindamo ndiko kumapereka mpata wonsewu. Mu 1984 Benjamin Bloom wa ku yunivesite ya Chicago analemba kuti ophunzira amene anaphunzitsidwa mmodzimmodzi, osapitirira mutu asanaumvetse, anakhoza kuposa pafupifupi 98 mwa 100 alionse a m'kalasi wamba. Akatswiri amene anafufuza pambuyo pake anapeza kuti phindu lake nthawi zambiri silifika pamenepo, koma amavomerezabe kuti kuphunzitsa mwana payekha kapena m'kagulu kakang'ono ndi imodzi mwa njira zothandiza kwambiri. Ndikutchula izi kuti makolo anzanga asayembekezere zozizwitsa, komanso kuti amvetse chifukwa chake chiwerengero cha ana ndi chinthu choyamba kufunsa musanalembetse mwana kwa mphunzitsi aliyense wotere.

Pali chinthu china chimene chinandipangitsa kuwakhulupirira kwambiri. Ndinapita kwa iwo nditawerenga pa intaneti kuti ana ena amaphunzira ndi maso, ena ndi makutu, ena ndi manja, ndipo nditaona mwana wanga akukhoza ndi timitengo ndinati basi, ndapeza mtundu wake. Aphunzitsi sanavomereze. Anandifotokozera kuti ganizo logawa ana m'mitundu yotereyi ndi lotchuka koma lilibe umboni wokwanira, ndipo zimenezi n'zoona, chifukwa mu 2008 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Harold Pashler linaunika kafukufuku amene analipo ndipo silinapeze umboni wodalirika wakuti mwana amakhoza bwino akaphunzitsidwa motsatira mtundu umene wapatsidwa. Timitengo, iwo anatero, timathandiza mwana aliyense amene sanamvetse tanthauzo la makumi, ndipo maliwu a zilembo ayenera kumveka m'makutu mwa mwana aliyense amene akuphunzira kuwerenga. Kusiyana kwa ana kuli pa zimene akudziwa kale, pa liwiro lawo, pa kuchuluka kwa maulendo amene chinthu chiyenera kubwerezedwa kuti chikhazikike, ndiponso pa mantha amene abwera nawo. Anaonjezera kuti kuuza mwana kuti iye ndi wa manja okha n'kumutsekera zitseko zina, mofanana ndi kumutcha waulesi. Mphunzitsi amene amalandira malipiro kuchokera kwa makolo akanatha kungondivomereza kuti andisangalatse, ndipo kukana kwawoko ndinakutenga ngati chizindikiro cha kukhulupirika.

Pa nkhani yobwereza, amachita zinthu mosiyana ndi mmene ine ndinkachitira. Ine ndinkabwereza tsamba limodzi kakhumi usiku umodzi. Iwo amabwereza pang'ono, koma amabweretsanso chinthu chomwecho patapita masiku awiri, kenaka patapita sabata, kenaka mwezi, ndipo kope lawo lija ndi limene limawakumbutsa. Kuyambira pamene Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasindikiza zotsatira za kafukufuku wake wa kuiwala mu 1885, zakhala zikudziwika kuti munthu amaiwala zambiri mwamsanga atangophunzira, ndipo kuti kubwereza motalikitsa nthawi kumasunga zinthu m'mutu kuposa kubwereza kambirimbiri nthawi imodzi. Kunyumba anandipatsa ntchito yaing'ono chabe: mphindi khumi patsiku, mwanayo aziwerenga mokweza kabuku kamene akukatha kale, ndipo ine ndizimvetsera osamudula pakamwa pokhapokha iye atapempha.

Mayiwa amadziwanso pamene nzeru zawo zimathera. Mwezi woyamba usanathe anandilangiza kuti ndikamupimitse mwanayo maso ndi makutu kuchipatala, chifukwa mwana amene saona bwino bolodi kapena samva bwino maliwu amaoneka ngati wosamvetsa pamene vuto lili kwina. Zonse zinapezeka kuti zili bwino. Kenaka, patapita miyezi itatu, anandiuza mosabisa kuti kuvutika kwake polumikiza zilembo ndi maliwu ake kukufanana ndi vuto lotchedwa dyslexia, dzina limene dokotala wa maso wa ku Germany, Rudolf Berlin, analigwiritsa ntchito mu 1887, koma anatsindika kuti iwo si katswiri wopima vutoli ndipo sangamupatse mwana dzina la vuto limene sanaphunzire kulipima. Anandifotokozera kuti kusokoneza "b" ndi "d" pakokha kumachitika kwa ana ambiri ongoyamba kumene, ndipo sikukwanira kukhala umboni, komanso kuti dyslexia sikhudzana ndi kuchepa nzeru. Chimene angachite iwo, anatero, ndi kuphunzitsa maliwu a zilembo momveka, mwadongosolo ndiponso mobwereza, zimene zimathandiza mwana kaya ali ndi vutoli kapena ayi. Nditafunsa ngati kungakhale bwino kumuchotsa pa sukulu yake, anakana kwamtuwagalu, nati malo a mwana ali pakati pa anzake, ndipo ntchito yawo ndi yomuthandiza kuti akaime bwino kumeneko. Maganizo amenewa akugwirizana ndi zimene maboma 92 anagwirizana ku Salamanca, m'dziko la Spain, mu 1994 pa msonkhano umene unakonzedwa ndi boma la dzikolo pamodzi ndi UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, zakuti masukulu wamba ayenera kulandira ana onse ndi kusintha kaphunzitsidwe kuti kagwirizane ndi zosowa zawo.

Sindinganene kuti ndi munthu wolekerera. Tsiku lina mwana wanga anakwiya atalephera mawu amodzi katatu, ndipo anang'amba tsamba la kope lake. Aphunzitsi sanakalipe koma sanasekererenso. Anamupatsa selotepi kuti amate tsambalo yekha, anadikira mpaka atamaliza, kenaka anamuuza kuti, "Wakwiya chifukwa ukufuna kudziwa, ndipo zimenezo ndi zabwino. Koma kope sitiling'amba. Tiye tiwadule mawuwa pawiri." Poyamikira samanena kuti mwana ndi wanzeru. Amatchula chenicheni chimene wachita, monga kuti wabwerera yekha kukakonza mawu atamva kuti chiganizo sichikumveka, ndipo ndaona kuti mwana wanga amabwereza dala zimene zayamikiridwazo.

Tsopano ndifike pa zimene sizinandikondweretse, ndipo choyamba ndi chachikulu. M'mwezi wachisanu wa maphunzirowa, mayeso a kusukulu atayandikira, makolo ambiri anabwera kudzapempha malo, ndipo aphunzitsi analephera kuwakana. Gulu la ana anayi linafika pa 7 kwa masabata asanu, popanda kutidziwitsa ife amene tinalembetsa podalira chiwerengero choyambacho. Kusintha kwake kunaoneka msanga. Nthawi imene ankakhala ndi mwana wanga inachepa, ntchito yake inayamba kukhala yofanana ndi ya mnzake wapafupi, ndipo nditapempha kuona kope lija ndinapeza masiku angapo osalembedwa kanthu. Mwanayo anayambanso kulota mawu poyang'ana chilembo choyamba chokha, chizolowezi chimene tinali titachigonjetsa. Nditadandaula, anavomera kuti analakwitsa, sanadziikire kumbuyo, ndipo anagawa gululo pawiri sabata yotsatira. Ndikuwalemekeza chifukwa cha kuvomerako, koma masabata asanu ndi nthawi yaitali kwa mwana amene akuyesetsa kupeza anzake, ndipo zimenezi zinandionetsa kuti chikhulupiriro chabwino cha mphunzitsi sichingagwire ntchito ngati chiwerengero cha ana chapyola muyeso umene iye angathe kuusamalira. Mtima wachifundo umene umawapangitsa kukhala mphunzitsi wabwino ndi womwewo umene unawalepheretsa kunena kuti malo adzaza.

Chachiwiri ndi momwe amaperekera malipoti. Zonse zimene amadziwa za mwana zili m'kope lawo ndi m'mutu mwawo, ndipo kholo limauzidwa pakamwa, kawirikawiri pakhomo, nthawi imene makolo ena abwera kudzatenga ana awo. Kangapo konse ndinamva zinthu zokhudza ana a anthu ena zimene sindinayenera kumva, ndipo mosakayikira enawo anamvanso za wanga. Kwa munthu amene amasamala kwambiri kuti mwana asachite manyazi m'kalasi, ichi ndi chinthu chofunika kuchikonza. Kapepala kachidule kamodzi pa mwezi, kapena nthawi yapadera yokumana ndi kholo lililonse, zikanathetsa vutoli, ndipo kapepalako kakanandithandizanso pokambirana ndi mphunzitsi wa kusukulu, amene mpaka pano amangomva za ntchitoyi kudzera mwa ine.

Chachitatu ndi nkhani imene ine ndi iwo sitinagwirizanebe. Amakana kuthandiza ana pa ntchito imene apatsidwa kusukulu kuti akachitire kunyumba, ponena kuti akayamba kutero ola lonse lidzathera pa kuthamangitsa silabasi, ndipo maziko adzakhalabe ogumuka. Ndikumvetsa mfundo yawo, ndipo pa zambiri ndikuona kuti akulondola. Koma mwanayo m'mawa uliwonse amabwererabe m'kalasi mmene akuphunzira zinthu za patsogolo, ndipo teremu yoyamba yonse malikisi ake sanasinthe ngakhale pang'ono, pamene iye ankadziwa kuti akulimbikira kuposa kale. Zinali zovuta kumufotokozera chifukwa chake. Ndikuganiza kuti mphindi khumi zokha pa sabata zomuonetseratu mawu ovuta amene akakumane nawo m'kalasi zikanamuchepetsera katundu popanda kuwononga dongosolo lawo, ndipo kusamalira zosowa za mwana kuyenera kuphatikizapo tsiku limene iye amakhala nalo kusukulu. Kholo limene likufuna kuona malikisi atakwera pa mayeso a mwezi wamawa lidzakhumudwa ndi mphunzitsi ameneyu, ndipo ndi bwino kudziwiratu zimenezi.

Ndionjezere mwachidule kuti ntchito yonseyi yatsamira pa munthu mmodzi. Atadwala kwa masabata awiri maphunziro anaima, chifukwa panalibe wina wodziwa kumene mwana aliyense wafika, ngakhale kuti masiku otayikawo anawabweza pambuyo pake.

Zotsatira zake ndizinena monga zilili. Mwana wanga tsopano amawerenga yekha nkhani ya masamba atatu kapena anayi ndipo amatha kuifotokoza m'mawu ake, ngakhale kuti amawerengabe pang'onopang'ono poyerekeza ndi anzake ambiri a m'kalasi. Zilembo "b" ndi "d" amazisokonezabe akatopa, koma amadzigwira yekha, ndipo ndimamuona akujambula chilembocho ndi chala pa ntchafu yake asanatchule. Masamu ochotsera amawakhoza popanda timitengo, ndipo akalakwitsa amatha kupeza yekha pamene walakwitsa. Malikisi anayamba kukwera m'teremu yachiwiri, osati modumpha koma mooneka. Kudandaula m'mimba m'mawa kunatha m'mwezi wachitatu, malikisi asanasinthe n'komwe, ndipo kwa ine ichi chinali chizindikiro choyamba chakuti tili pa njira yoyenera. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989 limanena m'ndime 29 kuti maphunziro ayenera kukulitsa umunthu wa mwana, maluso ake ndi nzeru zake mpaka pamene angathe kufika, ndipo ndinayamba kumvetsa tanthauzo la mawu amenewa tsiku limene mwana wanga anasiya kubisa kope lake pansi pa chikwama.

Ndingalimbikitse mphunzitsi wotereyu kwa kholo limene mwana wake watsalira pa kuwerenga kapena pa masamu oyambirira, makamaka mwana amene wayamba kudziona ngati wolephera, bola kholo likhale lokonzeka kudikira miyezi ingapo ndi kuchita mbali yake kunyumba. Musanalembetse, pemphani kuti muonerere tsiku loyamba, ndipo muone ngati mphunzitsiyo akuyamba ndi kufufuza kapena akungotsegula buku la kalasi. Funsani kuti ana amakhala angati pa ola limodzi ndipo mugwirizane kuti chiwerengerocho chisasinthe popanda kukudziwitsani. Funsaninso kuti akuganiza kuti thandizoli lidzatha liti, chifukwa yankho lake limaonetsa zambiri. Ine sindinafunse funso limeneli, koma aphunzitsi analiyambitsa okha sabata yatha. Ananditengera pambali, ulendo uno kutali ndi makolo ena, n'kundiuza kuti, "Mayi, kuyambira mwezi wamawa azibwera kawiri pa sabata, ndipo akapitiriza chonchi, teremu ikubwerayi azibwera kamodzi. Tsiku limene latsalalo muzipita naye kulaibulale, akasankhe yekha buku." Mwanayo atamva zimenezi anadandaula kuti sakufuna kuchepetsa masiku, ndipo aphunzitsi anamuyankha kuti mpando wake ukufunika kwa mwana wina amene sanayambe kumasula mitolo.